Chala cha a Ndimadziwa Chili Pakhoma

Panali munthu wina, mkamwini wa pabanja lina, amene anthu ankangomutchula kuti a Ndimadziwa. Ukati uwauze kanthu, usanatseke n'komwe pakamwa, iwo ayankha kale: "Ndimadziwa!" Musayang'ane kumbali inu, kwanunso aliko wotere. Ngati simukumuona, ndiye kuti ndinuyo.

Ndiyetu a Ndimadziwa anagula foni yatsopano, ya maso atatu kumsana ngati kangaude. Eee, anthu anapuma? Mphaka akagona, ajambula. Mkazi wawo akayasamula, ajambula.

Sabata yomweyo mwana woyamba wa apongozi awo aakazi anabwera kuchokera kunja, atatha zaka khumi ndi chimodzi osaponda pakhomo. Anabwera kudzakhala masiku anayi basi. Mayiwo ankafuna chinthu chimodzi chokha: chithunzi, iwo ali pakati, ana awo onse asanu atawazungulira. Felemu anali atagula kalekale, msomali atakhoma kale pabalaza.

Tsiku lonyamuka, m'mawa, mayi anavala diresi lawo la m'sutikesi.

"Ndijambuleni lero," anatero. "Ndani akudziwa ngati mudzakumanenso nonse ine ndikupuma?"

Mzime wa pabanjapo anali mtsikana wogwira ntchito ku situdiyo ya zithunzi. Koma akanajambula bwanji, naye akufunika pachithunzipo?

"Ndiitane mnzanga wa kuntchito abwere ndi kamera," anatero.

A Ndimadziwa anadzuka nyama ili m'kamwa. "Mnzako wa chiyani? Foni iyi sukuiona? Maso atatu awa!"

"Chabwino alamu, koma mverani. Yambani mwapukuta diso la kameralo. Mwangodya nyama yokazinga, zala zili noninoni."

"Ndimadziwa!"

"Musatiimike kutsogolo kwa zenera. Kuwala kukhale kumbuyo kwanu, kuzitiwomba ife kumaso."

"Makatani okongola ali pazenera pomwepo. Ukufuna ndijambule khoma?"

"Ndiponso musatikoke ndi zala pagalasi la foni muli kutali. Senderani ndi miyendo. Zigongono zigunde nthiti kuti foni isagwedere, dinani pankhope ya amayi, kenako jambulani kangapo."

"Iwe mlamu," a Ndimadziwa anaseka, "ndinakupeza uli ndi mamina pakhomo pano. Lero undiphunzitse ine?"

Basi anawandandalika onse pazenera, dzuwa lili phwee kumsana kwawo. Iwo anabwerera chafutambuyo mpaka pakhomo la kukhitchini, n'kuyamba kukoka ndi zala zamafuta zija. Foni dzanja limodzi, dzanja linalo likulozaloza ngati wapolisi wa pamsewu.

"Achimwene, weramani! Amayi, mano panja! Iwe mayi wa ana anga, usandiyang'ane ngati ndakubera!"

Onse anaphulika kuseka. Mayi anagwira manja a ana awo, misozi ili lengelenge. Panja takisi inayamba: pii! pii!

Tche! Kamodzi kokha.

"Tione kaye, alamu," anatero mzime.

"Chatuluka ngati cha pakalendala! Thamangani, ndege sidikira munthu!" Foni ija lowu m'thumba.

Anaperekeza mlendo, anakumbatirana, ndege inapita. Masana atabwerera, onse anaunjikana pampando, mitu pamodzi, ana akukankhana. A Ndimadziwa anatsokomola kaye ngati akufuna kulalikira, n'kutsegula.

Mayo ine!

Pachithunzipo panali zinthu zisanu ndi chimodzi zakuda bii, ngati matumba a makala oimikidwa mu nkhungu. Nkhope? Ngakhale imodzi. Mwana wa kunja uja, poti ndi wamtali, mutu unatsala panja, anathera m'khosi. Kuseri kwa zenera, galimoto ya aneba inkaoneka ndithu. Ndipo pakona, chachikulu ngati mbatata, panali chala cha a Ndimadziwa.

"Ine ndili pati?" anafunsa mayi.

"Apa, amayi," a Ndimadziwa analoza, mawu atachepa.

"Imeneyo ndi kabati," anatero mkazi wawo.

"China chili kuti? Tsegulani china!"

China chichokere kuti? Kumanzere mphaka, kumanja mphaka. Mayi anayang'ana msomali uja pakhoma, n'kulowa kuchipinda kukavula diresi.

Mzime anapita nacho ku situdiyo, analimbana nacho pakompyuta mpaka maso kufiira. Anabwera akupukusa mutu. "Chimene kamera sinachione, amayi, kompyuta singachibereke."

Mukuganiza kuti mayi anakalipa? Simukuwadziwa apongozi inu. Anangoti, "Katsukitse chomwecho. Chachikulu."

Anachiika mu felemu ija, n'kuchipachika pamsomali uja, moyang'anizana ndi mpando umene mkamwini amakonda kukhala. Mpaka lero mlendo aliyense akalowa, asanalandire ndi madzi omwe, mayi amamugwira dzanja n'kupita naye pakhoma.

"Awa ndi ana anga onse asanu. Wopanda mutuyu ndiye wa kunja. Thumba lapakatili ndine. Ndipo ichi," amagogoda pachala chija, "ndi mkamwini wanga. Ndi yekhayo amene anatuluka bwino."

A Ndimadziwa amangowerenga nyerere pansi. Akuti masiku ano amayenda ndi kansalu m'thumba, ndipo mlamu wawo akayamba kulankhula, iwo amati, "Tabwereza, sindinamve."

Phunziro: Safunsa anadya phula, abale anga. Pukutani diso la foni, kuwala kuwombe nkhope osati msana, senderani ndi miyendo, jambulani kangapo, ndipo muone chithunzicho anthu asanabalalike, chifukwa tsiku lina silibwera kawiri. Wamng'ono akakuuzani za ntchito yake, tsekani pakamwa. Tumizani nkhaniyi kwa onse a mafoni a maso atatu, ndipo yambani ndi a Ndimadziwa a kwanuko. Akayankha kuti "ndimadziwa", mwawapeza.