Odi Womaliza

Lamulo linali lakuti banja lililonse lizisunga zinthu zochepa chabe mu kompyuta ya mudzi, ndipo malo a banja la a Gwaza anali atadzaza ndi gemu ya pa foni imene bamboyo anavutika kuipanga kwa zaka zambiri, mpaka kampani inaikana.

Nkhani inali ya odi. A Gwaza anaumirira kuti wosewera asamalowe m'nyumba ya munthu asanaodire n'kuyankhidwa. Akampani anati zimenezo n'zochedwetsa, palibe angagule.

"Bambo, kusikelo andibwezanso," anatero Nasuluma, mkazi wawo. "Akuti mwana akubwerayu alibe pomulemba, malo athu mu kompyuta adzaza."

A Gwaza sanatsutse. Anangomupatsa foni. "Yendanimo komaliza m'gemumu, kenako ndiifufute."

Nasuluma anayenda m'mudzi wa m'gemumo, kudutsa mitengo yopanda masamba ndi mbuzi zosamalizidwa miyendo, mpaka anafika pakhomo lina.

"Odi!"

"Lowani, mwanangu," anayankha mawu a malemu mayi ake, amene a Gwaza anawajambula kalekale.

Chitseko chinatseguka, koma m'katimo munali musanamangidwe kalikonse. Nasuluma anaika dzanja pamimba.

"Fufutani tsopano," anatero. "Mwanayu wamva yekha kuti agogo ake amulandira."