Dzina Lofufutidwa ndi Bolopeni Yofiira

Dzina la Ketilina linali litafufutidwa. Osati mwangozi ayi: mzere wofiira unadutsa pakati pake kawiri mpaka pepala kubooka. Pasukulu ya atsikana yogonera konko ija, munthu wololedwa kukhudza mndandanda wa kalabu yothandiza ovutika anali mmodzi yekha, hedigelo Nomsa.

Unali m'mawa wa Loweruka. Lole ya sukulu inali itaima pafupi ndi geti, atsikana akukweza makasu, thumba la ufa ndi mtolo wa zovala zakale zimene anasonkha. Ketilina anasomola pepalalo pabolodi, mtima ukuwira.

Ulendowu sunali wamasewera. Lamulo linali loti wofuna baji ya uhedigelo akhale atapita maulendo atatu othandiza anthu. Ketilina, wa giredi 11, anali atapita awiri. Uwu unali womaliza chisankho chisanachitike, ndipo kuuphonya kunali kutsanzikana ndi baji. M'malo mwa dzina lake munalembedwa la Faith, mnzake wa Nomsa wa ponda apa nane ndipondepo. Nkhani yake inali yosachita kufunsa.

Awiriwa sankamwerana madzi kuyambira kale. Sukulu yonse inkadziwa kuti Ketilina ndi wa kumayadi ku Kalongwezi, mwana wa mkulu wina wa kubanki, ndipo mwini wakeyo sankalola kuti munthu aiwale. Nomsa anali wa ku Madzimoyo, wa zidendene zong'aluka, wosalankhulalankhula. Ketilina ankamutcha adona a kudimba, ndipo anzake ankaseka ngakhale nthabwalayo inali itatha kale mchere.

Kalabuyi inali ndi kachitidwe kake. Banja lokathandizidwa ankasankha ndi akatekisiti a parishi, hedigelo n'kupita kukaliona pakati pa sabata, ndipo dzina lake linkalengezedwa lole itatuluka pageti. Anatero chifukwa kale atsikana ankasankha maulendo, akamva kuti n'kutali onse mutu unkawapweteka. Choncho Nomsa yekha, amene anapitako Lachitatu, ndiye ankadziwa kokapita. Kwa Ketilina umenewu unali umboni wina woti mtsikanayu wadya mphamvu mpaka kukhuta.

Anamupeza akuwerenga makasu. Sanamupatse moni, anangomuponyera pepala pachifuwa. Nomsa analitola, nanena motsitsa mawu kuti amufotokozera Lolemba, ndipo amupezera ntchito ina yoti iwerengedwe ngati ulendo wachitatu. Ketilina anaseka chikhakhali kuti aliyense atembenuke.

"Wandifufuta chifukwa ukudziwa kuti baji imeneyo indikhala kuposa iwe," anatero. "Waivala chaka chathunthu, koma fungo la khola silinakuchoke."

Ena anaseka, ena anagwira pakamwa. Nomsa anamuyandikira.

"Tsala, Ketilina. Ndakupempha."

Kupempha kwa mdani kumakwiyitsa kuposa kutukwana. Ketilina anathamangira kwa a Edmond Nyirenda, mphunzitsi woyang'anira kalabu, amene anali pambali akuyesa kamera ya foni yawo. Misozi inabwera nthawi yake yeniyeni. Anawauza za maulendo ake awiri, za nsapato zake zimene anapereka m'mtolo, za kukondera kwa poyerayera.

A Nyirenda anaitana Nomsa kuti apereke chifukwa. Nomsa anayang'ana atsikana amene anali atazungulira kale ngati nkhuku zomva chimanga, nayankha kuti sanganene pagulu. Atamufunsa ngati Ketilina anaphwanya lamulo lililonse, anati ayi. Atamufunsa ngati akudwala, anatinso ayi. Aphunzitsi anapsa mtima. Anati mtsogoleri wochotsa mnzake popanda chifukwa ndi wopondereza, ndipo Lolemba nkhaniyi ikafika kwa ahedi. Nomsa anayesa kuwapempha kuti alankhule nawo paokha, koma dalaivala anali ataliza kale hutala kawiri, ndipo iwo anamukwezera dzanja kuti zakwana.

Chigamulo chinali chachidule. Faith atsike, Ketilina akwere. Pofuna kumupepesa, anawonjeza kuti ndiye akapereke mphatso m'manja mwa mwini nyumba, akalankhule m'malo mwa sukulu, ndipo chithunzi chake chikaikidwa patsamba la sukulu la pa Fesibuku.

Akanatha kukhala pena, koma Ketilina anasankha kukhala mogundana ndi Nomsa, kuti amve bwino kuwawa. Anakonza kolala ya yunifomu, nauza anzake mokweza kuti akungopemphera kuti kumene akupitako kukhale kampando, chifukwa ulendo watha anakhala pamphasa ya zitosi. Anthu ena, anatero, umphawi amachita kuukonda. Nomsa anangoyang'ana makasu.

Lole inatuluka pageti n'kukwera tara. A Nyirenda anagogoda galasi la kumbuyo, chizindikiro choti nthawi yakwana. Nomsa anatulutsa kapepala m'thumba la malaya, nawerenga osakweza mutu. Ankapita ku Kasenengwa, m'mudzi wa Chimkoko, kwa a Nazulu, mayi wamasiye amene anathyoka mwendo, nsawa zawo zikumera m'munda posowa wokumba. Dzinalo silinadabwitse aliyense. Kumudzi mayi amaitanidwa ndi mfunda wake basi, ndipo a Nazulu ndi ambirimbiri. Atsikana anayambitsa nyimbo, akuomba m'mbali mwa lole.

Ketilina yekha ndiye sankaimba. Nomsa anapinda kapepala kaja bwinobwino, nasendeza pakamwa pafupi ndi khutu lake.

"Amayi ako ndiwo anandipempha kuti ndikusiye," ananong'ona. "Anati anzako akakuona pakhomo panu, ungachite manyazi."