Khodi Yokanidwa Kasanu

"Mzere wake uti?" Ruqayya anafunsa. "Lozani umodzi wokha wolakwika."

"Kabwerezenso," anatero a Lucius, osacheuka n'komwe.

"Kachisanu?"

Kaofesi kawo kanali pamwamba pa golosale ku Zingwangwa, anthu awiri basi. Ankasamalira pulogalamu yoyendetsa timakina togulitsira madzi m'makiyosiki a ku Bangwe. Chigawo chimene chimalongedza malangizo kukhala manambala, kuti asungike m'fayilo n'kukamasulidwa m'kamakinako, anachilemba ndi a Lucius zaka khumi zapitazo. Chinali chotupa ngati katundu wa munthu wosamuka.

Ruqayya anachigwetsa chonse n'kuchimanganso. Mafayilo anachepa ndi theka, akale n'kumawerengekabe bwinobwino. Koma lamulo la kampani linali loti khodi, kutanthauza malemba a pulogalamu, siilowa m'timakina wamkulu asanaiwerenge n'kuivomereza. Timakina tatsopano tinali toti tinyamuke Lachisanu. A Lucius akapanda kuvomera, thukuta lake la miyezi inayi lithera kudzala.

Nthenda yawo iye ankaidziwa. Nsanje. Bambo wa digiri yopachika pakhoma angalole bwanji kuti kamtsikana ka Fomu Folo, kophunzirira khodi pafoni ya achimwene ake, kamukonzere nyumba? Tsiku lonse ankangokhala ndwii pamaso pa kompyuta ngati mlonda wa pageti, tiyi akuzizira, osalemba ngakhale kadontho.

"Ndikuuzeni, a Lucius? Khodi yanuyi ndi minibasi yakutha ya ku Machinjiri, imayenda chifukwa anthu amaikankha. Mukuopa kuti mabwana akaona yangayi afunsa kuti inuyo mumatani muno."

"Wamaliza?"

"Ndikadalipo. Mawa ndiwatumizira ndekha. Ndiwauzanso kuti kasanu konseka simunatchulepo cholakwika ngakhale chimodzi. Kumangoti bwereza, bwereza, ngati aphunzitsi oiwala phunziro."

Anatola chikwama chake. Ali pakhomo anamva mpando ukukhwekhwerezeka kumbuyo.

"Ruqayya. Tseka chitsekocho."

Anatseka, koma sanachoke pomwe anaima.

"Shuga wandidya maso," anatero a Lucius chapansipansi. "Chiyambire Januwale, pakompyutapa ndimangoona chifunga. Khodi yakoyo sindinaiwerengepo, ndipo madzi a anthu sindingawavomereze mwachimbulimbuli. Mabwana sakudziwa. Kunyumbanso sakudziwa."

Anakankha mpando wina ndi phazi.

"Khala apa, mwanangu. Undiwerengere mokweza, mzere ndi mzere."