Njerwa M'bokosi la Zida

Anali atangomaliza chakudya chamadzulo, mbale zikadali patebulo, pamene mayi a m'nyumbamo anakumbutsa kuti mawa linali tsiku lomaliza lopereka mafomu a msonkho.

Supuni inawapulumuka a Sipanala, n'kugwera pansi pa mpando.

"Ababa, mwaona mzukwa?" anaseka mwana wawo wamkulu. Wamng'ono anaitola supuniyo. Bambo awo anayesa kuseka nawo.

A Sipanala anali mmisiri wa mapaipi wodziyimira payekha, ndipo dzinalo anawapatsa ndi anzawo a pantchito. Chaka chilichonse zinkayenda chimodzimodzi. Malisiti a ntchito zonse ankawaponya m'chitini chakale cha penti pamwamba pa kabati. Nthawi ikakwana, akazi awo, amene anali telala ndipo masamu ankawatha, ankakhuthula chitinicho patebulo n'kusanja mapepala mwezi ndi mwezi, ana akuwongola opindika. Ntchito ya bambo inali kusaina basi.

Chaka chino m'chitinimo munali mapepala a miyezi isanu yokha.

Kampani yomanga nyumba imene inkawaitana kawirikawiri inatseka miyezi isanu ndi iwiri yapitayo. A Sipanala sanauze munthu. M'mawa uliwonse ankanyamulabe bokosi lawo la zida, n'kukakhala pakhonde la sitolo ya zomangira kudikira ganyu. Koma amisiri pamenepo anali ambiri kuposa mipopi yodontha, ndipo iwo sanasankhidwepo.

Ndiye anayamba kugulitsa zida. Lachisanu lililonse ankapita kwa wogula zitsulo zakale ndi chida chimodzi, kuti madzulo akakhale ndi choika m'manja mwa akazi awo. Yoyamba kupita inali sowo. Kenako nyundo. Pomaliza inapita sipanala yaikulu imene anasiyiridwa ndi malemu amalume awo. Chida chilichonse chinali ndi kadontho ka penti yofiira pachogwirira, chizindikiro chawo kuyambira kale. Wogulayo ankawaseka kuti zida zawo sizigona m'sitolo, pali kasitomala amene amazikonda.

Kuti bokosi lisapepuke, chida chikachoka ankaikamo chidutswa cha njerwa. Kuti njerwazo zisagogode, ankazikulunga ndi zidutswa za nsalu zimene ankatapa mobisa m'dengu la akazi awo, pambali pa mashini osokera.

Umphawi sankauopa kwambiri. Ankaopa mawu amene mayiwo anawauza asanakwatirane, kuti njala angagone nayo, koma ndi munthu wabodza sangagone naye nyumba imodzi. Sanali mayi wobwereza mawu kawiri. Ndipo miyezi yonseyi anali atalandira mayunifolomu a sukulu oti asoke ochuluka kuposa kale, mpaka chala anachimanga kansalu, pamene amuna awo ankabwera madzulo n'kumadandaula za msana.

"Chitini tichione m'mawa, abambo," anatero mayiwo akusonkhanitsa mbale. "Lero maso andilemera."

A Sipanala anangogwedeza mutu. Anayang'ana kabati. M'dirowa munali buku la malisiti osalemba, ndipo maganizo anawafikira oti alembe ntchito zongopeka, miyezi yonse idzaze. Koma pamenepo akananamizanso a misonkho, n'kulipira msonkho wa ndalama zimene sanazigwirepo. Akapanda kupereka fomu, chindapusa chikanabwera m'kalata, ndipo makalata onse ankatsegula ndi mayiwo. Anaganiza zobisa chitini n'kunena kuti chasowa. Anakumbukira kuti m'nyumbamo ngakhale singano sinkasowa tsiku lathunthu.

Tulo sanatione. Kunja kutacha anakasamba, ndipo anakhalitsa kubafa mpaka madzi anazizira m'ndowa. Kumeneko n'kumene anatsimikiza mtima. Kuli bwino anene okha chitini chisanawanenere.

Ana atapita kusukulu, a Sipanala anapeza akazi awo atakhala patebulo, manja ali pamiyendo, osaseka. Chitini chinali chitatsitsidwa kale, chivindikiro chili pambali. A Sipanala anaganiza za sutikesi ya mayiwo pansi pa bedi, ndi za ana, kuti atsala ndi ndani.

Anapita kuseri kwa chitseko kukatenga bokosi. Analipeza litayang'ana kwina, osati mmene analisiyira dzulo, ndipo linkalemera kuposa masiku onse. Anati ndi manja awo amene afooka. Analiika patebulo pang'onopang'ono.

"Amayi, musanawerenge chilichonse, pali zoti muone," anatero. "Mukaona, muchite zimene mtima wanu ukuuzeni. Sindikuletsani."

Mayiwo anangoyang'ana bokosilo.

A Sipanala anatsegula loko. Anatseka maso, n'kukweza chivindikiro. Anadikira kulira, kapena mpando kukankhidwa. Atatsegula maso, anaona timadontho tofiira: sowo, nyundo, sipanala ya amalume, zonse zili m'malo mwake. Pamwamba panali fomu yolembedwa kale ndi dzanja la mayiwo, miyezi isanu ndi iwiri itasonyezedwa kuti sipanalowe kanthu.

"Miyezi isanu ndi iwiri ndakhala ndikudikira mawu amenewo," anatero mayiwo, akuwapatsa cholembera ndi chala chomanga chija. "Mayunifolomu aja ndi amene anawombola zidazi. Sainani apa, basi yopita kwa a misonkho ingatisiye. Ndipo nsalu zanga musadzakulungirenso njerwa."