Mfumukazi Imene a Nordino Anagwira

Iyi yachokera ku Chifunde, ndipo akuti inachitikadi.

Panali mphunzitsi wina ku Nsadzo, a Nordino, katswiri wa shadirezi, masewera aja a mafumu ndi akavalo. Zaka ndi zaka ankagonjetsa anzawo pakhonde la sukulu. Koma anali ndi kachizolowezi kawo. Akagwira kavalo n'kuona kuti zivuta, ankamusiya, amvekere, "Iyayi, ndimangomusisita." Poti anali aakulu, aliyense ankangoti, "Bwezani, aphunzitsi."

Namwino wina, a Benilde, amene anasewerako ku Beira, anawachenjeza. "Aphunzitsi, kumpikisano chimene mwagwira ndi chomwecho muyendetse. Dzanjalo lizolowereretu."

"Amayi, ine ndinayamba shadirezi inu musanabadwe," anawayankha.

Chaka china anapambana ku Tete n'kusankhidwa kupita ku Maputo, kumpikisano wa dziko lonse. Maso anali atayamba kuchita chidima, ndipo ankadziwa kuti mwayi wina sudzabweranso. Anayenda masiku atatu, miyendo kutupa, msana kuwawa. Koma kusewera kokha anasewera, abale. Tsiku lomaliza anakumana ndi a António a ku Nampula, ndipo wopambana ndiye atenge mendulo.

Patatha maola anayi a Nordino anali patsogolo, koma mutu utalemera. Dzanja linangopita lokha n'kugwira mfumukazi. Pomwepo anaona kuti kavalo ndiye akanatsiriza masewerawo, ndipo anaisiya.

"Pepani bambo, mwaigwira," anatero a António.

"Ndimangoisisita, achimwene."

Woyang'anira mpikisano anafika. "Munanena kuti mukuikonza musanaigwire?"

"Ayi."

"Ndiye iyendetseni."

Kalanga ine! Mfumukaziyo inali ndi malo awiri okha opita, onse oipa. Inadyedwa, ndipo posakhalitsa a Nordino anapereka dzanja kuvomera kuti agonja. Mtima unawawawa moti analephera kudzuka pampando.

Masiku ena atatu panjira. Atafika ku Nsadzo anapeza sukulu yonse ili pamzere, ikuimba nyimbo imene anawapekera. Anatsika panjinga yamoto pang'onopang'ono.

"Lekani kuimba, ana inu," anatero. "Ndabwera chimanjamanja, ndipo ndatopa."

Ku Maputo sanapitekonso.

Phunziro: Anthu amene amakulekererani chifukwa cha ulemu sadzakhala nanu tsiku la mayeso. Wokuuzani zoona mumvereni, ngakhale akhale wamng'ono kwa inu. Tumizirani anzanu, makamaka aja osamva zowauza.