Mwendo Wopanda Kachitsulo

Chiyambire lamulo loti kavalo aziunikidwa mafupa asanathamange pampikisano, kwa a Kaliwo zithunzi za miyendo ankazipachika pakhoma ngati za ukwati.

Lachisanu bambo anapachika chatsopano. "Makina akuti kavalo wathu Namondwe alibe mng'alu. Mawa ukwera, Tiyese mwanangu."

Tiyese anachiyang'anitsitsa. Fupalo linali losalala bwinobwino. Komatu chaka chatha madokotala anamuika Namondwe kachitsulo m'mwendo, ndipo pachithunzipa panalibe.

"Ababa, uwutu ndi mwendo wa kavalo wa amalume."

Bambo anayang'ana kudenga. Amayi ankangosenda mbatata, osadzutsa mutu.

"Amayi, nanunso mumadziwa?"

"Bambo ako analonjeza kale anthu kuti Namondwe athamanga," anayankha chapansipansi.

Tiyese anapita kukhola n'kugwira mwendo wa Namondwe. Unali wotentha.