Asamve Mehwish

A Mushtaq anasiya mwana wawo pa benchi panja, n'kulowa okha kwa dokotala. Anadziponya pampando ngati thumba la mpunga. Masabata atatu ozungulira zipatala za mu Lahore anali atawafoola, koma chimene chinawatopetsa kwambiri chinali kunama.

Kwawoko nthenda yoopsa sauza wodwala. Amauza bambo, amalume, ngakhale anansi, mwiniwakeyo n'kumangomuphikira msuzi wa nkhuku. Choncho Mehwish, mtsikana wa zaka 26, ankauzidwa kuti chotupa cha m'khosi mwake ndi TB. Koma inali khansa.

Mankhwala a khansawo anali oti ayambe Lolemba, ndipo akanatha kumuwononga moti sakanadzabereka. Njira inali imodzi: kuchotsa mazira ake n'kuwasunga asanayambe kulandira mankhwala.

"Adokotala, ndinachita manyazi," anatero a Mushtaq. "Mtsikana wosakwatiwa kuoneka pachipatala cha osabereka? Azakhali ake akamva, ndiye kuti Lahore yense wamva. Ndazengereza masabata awiri. Pano chitani zimene mungathe, koma asamve. Mumuuze kuti ndi jakisoni wa TB. Ndisaina ndine."

Dokotala Farzana anavula magalasi n'kutikita maso. "Bambo, mazirawo ndi anu? Amasaina ndi mwini thupi. Komanso pamafunika masiku khumi a jakisoni tisanachotse mazira. Lero ndi Lachinayi. Werengani nokha."

Anawerenga ndi zala. Masiku sanakwane. Anabwerezanso, ngati kuti zala zingawamvere chisoni. Mtima unawawawa koopsa: poopa pakamwa pa anthu, anali atamana mwana wawo ana ake. Ndipo akamuuza bwanji, poti ngakhale dzina la nthenda yake anamubisira?

Anatuluka. Mehwish anali pa benchi pomwe paja, akukonza mpango wake wakumutu.

"Tiye kunyumba, mwanawe. Akuti palibe chovuta."

Asanadzuke, namwino anasuzumira pakhomo. "Mehwish, bwera udzabayitse jakisoni womaliza uja. Loweruka m'mawa usadye kanthu, tikuchotsa mazira."

A Mushtaq anatembenukira kwa mwana wawo.

"Ndinasaina ndekha Lolemba la sabata yatha, Abbu," anatero Mehwish kwa bambo akewo motsitsa mawu. "Ndinaona kuti bodza la TB lija ndi limene likukuyendetsani, ndiye ndinakusiyirani."